Ndinkaona Ngowe Ziwiri

Lachiwiri, 6 mwezi wa Tikimt, pa kalendala yathu

Andigoneka pa bedi 14, wodi ya amuna, pafupi ndi zenera. Kope ili wandigulira ndi mkazi wanga Fikirte. Akuti ndizilembamo zimene madokotala akunena, chifukwa ndikamamufotokozera ndimasokoneza. Ndikulemba nditatsinzina diso lakumanzere. Ndikatsegula onse, mizere ya m'kopemu imakhala iwiriiwiri.

Dzina: Endale Gebeyehu. Zaka: 46. Ntchito: woyendetsa kireni yokweza katundu pomanga nyumba zazitali, zaka 19. Lero ndayankha zimenezi kwa anthu anayi, aliyense ndi pepala lake.

Za dzulo ndilembe ndisanaiwale. Dzuwa litapendeka ndinanyamula chidebe cha konkire kuti ndikachitule pa nsanjika ya 11. Chili m'malere ndinaona ngowe za kireni ziwiri, zidebe ziwiri, ndipo aliyense wa anthu olandira anali ndi mnzake wofanana naye pambali. Ndinaimitsa zonse. Kapitawo ankakuwa pa ovaova, "Tsitsa iwe! Konkire ikuuma!" Ndinamuuza kuti achotse anthu onse pansi pake. Chidebe chinalendewera pafupifupi ola lathunthu, kenako ndinakachitula pabwalo popanda munthu. Potsika makwerero manja ankakana kugwira, ndinkangopumira m'njira. Nditafika pansi, kapitawo anayamba wandinunkhiza m'kamwa.

Kuthamanga kwa magazi 130/80. Shuga ali bwino. Thupi silikutentha.

Lachitatu, 7 Tikimt

Ndadzuka ndili bwinobwino. Zenera limodzi, chitseko chimodzi.

Dokotala wamkulu anabwera m'mawa ndi gulu la ophunzira. Anaimika chala.

"Zingati?"

"Chimodzi."

"Finyani dzanja langa."

Ndinalifinya mpaka anakwinya nkhope, ophunzira n'kuseka. Anandiyendetsa pa mzere, anandigogoda m'mawondo. Anati sakuona vuto, koma ajambule m'mutu.

Pa bedi 13 pali mkulu wina, Gash Mulatu (Gash ndi mawu aulemu), dalaivala wa basi wopuma ntchito, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Pakamwa pokha ndiye sipanafe. Madokotala atangotuluka, iye anati, "Iwe wa kumwamba, wabwera kudzapuma eti? Kuno si hotelo, anzako tikudwala zenizeni."

Masana chikope chakumanzere chinagwa chokha ngati katani. Ndinaitana nesi kuti adzaone. Anati madokotala apita, ndidzawauze mawa.

Kwabwera mlamu wanga Yirga, mlongo wake wa Fikirte, ndi buledi wathu wopyapyala wa injera ndi shiro, ndiwo za nyemba zosinja, poti Lachitatu kutchalitchi kwathu timasala nyama. Yirga anali wondilozera pansi zaka zisanu ndi ziwiri. Iye akakweza dzanja, ine ndimakweza katundu. Anamuchotsa ntchito mwezi wa Nehase, sabata zingapo zapitazo, mtolo wa zitsulo utamudula zala ziwiri za dzanja lamanja. Ndinadya pang'ono, nsagwada n'kutopa. Iye anakulunga injera ndi zala zake zitatu zija n'kundidyetsa.

"Tsegulani pakamwa, alamu. Munthu wokweza matani asanu ndi atatu akulephera kukweza chibwano?"

Ndinameza movutika.

Lachinayi, 8 Tikimt

Andilowetsa m'makina ojambula m'mutu. Mulibe chotupa, mulibe magazi otayika. Kenako kwa dokotala wa maso, m'mawa womwewo. Ndinawerenga zilembo zonse mpaka zing'onozing'ono zapansi. Anati maso anga ndi abwino kuposa ake.

Ndiye ndikudwala chiyani? Aliyense akangondiyeza amandiyamikira.

Kunabwera Ato Dejene (Ato ndiye Bambo), woyang'anira zachitetezo pamalo athu omangapo, atanyamula nthochi ndi fayelo. Anakhala pamphepete pa bedi chipewa cholimba chili pabondo.

"Ato Endale, musakhumudwe, ndi ntchito yanga. Mumamwa masana?"

"Ayi."

"Nanga masamba oledzeretsa aja otafuna?"

"Mwandidziwa zaka zingati, Ato Dejene?"

"N'chifukwa chake ndikufunsa ndekha, sindinatume munthu."

Anapempha kuti anditenge magazi ayeze mowa. Nesi anamuuza kuti mowa wa Lolemba sungapezeke Lachinayi. Analemba zimenezonso m'fayelo mwake.

Lachisanu, 9 Tikimt

M'mawa ndili bwino. Madokotala anangodutsa, wina ndinamumva akuti mwina ndi maganizo.

Masana mawu anga akutulukira m'mphuno. Madzi anandibwerera m'mphuno pomwa. Gash Mulatu akuti ndi diso loipa la anthu ansanje, ndipite ku madzi oyera a kutchalitchi. Wa pa bedi 15 akuti ndi mphepo ya kumwamba inandilowa m'khutu.

Cholembera chikulemera. Basi.

Loweruka, 10 Tikimt

Lero kwachitika kanthu, koma sindikudziwa ngati n'kabwino.

Masana panabwera dokotala wachitsikana, Dokotala Meseret, kudzaona wa pa bedi 15. Podutsa anaima n'kundiyang'anitsitsa.

"Bambo, diso ili limakhala chonchi nthawi zonse?"

"Masana okha, Dokotala. M'mawa limandichititsa manyazi, limakhala bwino."

Anandiuza kuti ndiyang'ane kudenga osaphethira. Pasanathe mphindi chikope chinatsika mpaka kutseka. Anandiuza kuti ndiwerenge mokweza kuyambira wani. Pofika 40 mawu anali atasanduka a munthu wina. Kenako anatuma nesi kukatenga ayezi, anamuika m'gulovu n'kundisanjika padiso mphindi ziwiri. Atachotsa, diso linatseguka lonse, ndipo Gash Mulatu anali mmodzi.

Dokotala anamwetulira ngati watola chinthu panjira. Ine ndinafunsa ngati ndachira. Anati ayi, koma tsopano akudziwa koyang'ana.

Gash Mulatu anati, "Sabata yonse makina akuluakulu alephera, ndiye wachira ndi ayezi wa mu koka? Ine andiike pamwendo."

Patapita kanthawi chikope chinagwanso.

Lolemba, 12 Tikimt

Dzulo sindinalembe, manja anakana.

Lero anandibaya jakisoni woyesera, atandiika kaye makina owerenga mtima. Patapita theka la ola ndinatha kukweza manja onse, kumeza, ngakhale kuimba mluzu. Malovu anadzaza m'kamwa, m'mimba munkapota. Anandiyezanso ndi magetsi pankhope ndi paphewa, zimapweteka ngati kulumidwa ndi linthumbu.

Dzina la matendawa wandilembera pakapepala: myasthenia gravis. Sindikutha kulitchula. Akuti uthenga wochoka m'mitsempha sufika bwino ku minofu, ndipo likutchinga njira ndi thupi langa lomwe. Ndikapuma umafika, ndikagwira ntchito umachepa. Ndinafunsa chifukwa chake thupi langa lingachite zimenezo kwa ine mwini wake. Anati palibe akudziwa bwinobwino.

Mankhwala: pyridostigmine 60, kanayi pa tsiku, theka la ola ndisanadye. Mphamvu yake imakhala pafupifupi maola anayi. Prednisolone 10 m'mawa, azidzawonjezera pang'onopang'ono. Mawa ajambula pachifuwa.

Kenako anafunsa, "Zinayamba liti?"

"Lolemba lapitali."

"Matendawa sakonda kuyamba choncho. Mayi, muli ndi zithunzi zawo zakale mu foni?"

Fikirte anasangalala kuti akuthandiza. Anaonetsa za pa chikondwerero cha mtanda cha Meskel, mwezi watha. Dokotala anakulitsa nkhope yanga ndi zala. Chikope chinali chogwa. Za chaka chatsopano chathu, kumayambiriro kwa mwezi womwewo, chogwa. Anabwerera m'mbuyo mpaka tsiku limene mwana wathu Hiwot ankalandira satifiketi yake, mwezi wa Hamle, miyezi itatu yapitayo. Ndaima pakati pawo nditavala suti, mutu nditaupendeketsa, diso limodzi lili theka.

"Apa ndiye linali litayamba kale," anatero dokotala.

Fikirte anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ndinamuona akuwerenga miyezi ndi milomo. Hamle, kenako Nehase. Anaika foni m'chikwama, anatenga mbale zake ndisanamalize kudya, anati akuchedwa minibasi.

Lachiwiri, 13 Tikimt

Fikirte sanabwere. Chakudya watumiza ndi mayi woyandikana nafe nyumba.

Pachifuwa ajambula. Zotsatira mawa.

Ndamwa piritsi, dzanja lili ndi mphamvu, ndiye ndilembe chimene sindinalembe pa tsamba loyamba.

Kuona ziwiriziwiri kunayamba nthawi ya mvula, mwezi wa Hamle. Kunkabwera masana, kenako n'kuchoka. Ndinkati ndi kutopa, ndinkati ndi chifunga pagalasi. Ndinazindikira kuti ndikatsinzina diso limodzi zinthu zimabwerera pamodzi, ndiye ndinkagwira ntchito ndi diso limodzi. Koma diso limodzi silidziwa kutalika. Limaona katundu, limaona khoma, koma mpata wa pakati pake limangoganizira.

Tsiku la Yirga kunali kamvula kowaza. Ndinkatsitsa mtolo wa zitsulo pa nsanjika ya 9. Diso limene ndinatsegula linachita misozi, ndinatsegula linalo, ndipo pansi panali mitolo iwiri ndi a Yirga awiri, onse akugwedeza dzanja. Ndinasankha mmodzi. Kenako ndinamva kukuwa pa ovaova.

Lamulo limati katundu ali m'malere sagwiridwa ndi dzanja, amakokedwa ndi chingwe munthu ali patali. Yirga anagwira ndi dzanja. Zimenezo n'zoona, anthu anaona. Lipoti linati wolakwa ndi iye, ndipo ine ndinasaina pansi pa mawu akuti ndinaona zonse bwinobwino.

M'mawa uliwonse tisanakwere timasaina fomu yoti tili bwino m'thupi. Ndinkasaina, ndipo m'mawa ndinkakhaladi bwino. Ndiye linali bodza kapena ayi? Akanapanda kugwira, zala zikanatsala. Ndikanapanda kukwera, zikanatsalanso. Ndikaganiza m'mawa ndimapeza yankho lina, masana lina.

Lachitatu, 14 Tikimt

Pachifuwa palibe chotupa. Opaleshoni sikufunika panopa. Ndatsegula m'mimba kawiri, akuti ndi mapiritsi, ndizimwa ndi kachakudya pang'ono.

Ato Dejene anabweranso. Ulendo uno anakoka katani kuti titsale awiri, ngakhale Gash Mulatu amamva ndi kupuma komwe.

"Ndamva kuti matenda apezeka. Mulungu alemekezeke, si mowa. Tsono kampani ikufuna kalata ya dokotala, ndi mawu anu olemba. Mukati zinayamba Lolemba lija, inu ndinu chitsanzo chabwino. Munaona vuto, munaimitsa kireni, simunamvere kapitawo. Ndidzakutchulani pa msonkhano wa chitetezo. Kumwamba simudzakweranso, koma ku nyumba yosungira zida kukufunika munthu."

"Nanga ndikati zinayamba kale?"

Anatembenuza chipewa chake. "Ndiye nditsegulanso nkhani ya Nehase. Mlamu wanu akhoza kuyeretsedwa, mwina n'kulandira chipukuta misozi. Koma mafomu onse aja munasaina, Ato Endale. Sindingathe kuwabisa."

"Inuyo mukufuna ndinene ziti?"

"Ine ndikufuna ndisadzatolenso zala za munthu pa konkire. Zinazo ganizani nokha."

Atapita ndinafunsa Dokotala Meseret kuti alemba chiyani. Anati, "Ndilemba zimene ndaona: chikope chinagwa kuyambira Hamle. Zoti munkaona ziwiriziwiri kapena ayi, chithunzi sichingandiuze. Ena chikope chimagwa koma amaona bwino. Akudziwa ndinu."

Ndinkayembekeza kuti anditsekera njira, ndipume. Waisiya yotsegula.

Gash Mulatu sanandiseke lero. Anangoti, "Iwe wa kumwamba, ine ndinayendetsa basi zaka ziwiri dzanja ili likuchita dzanzi. Sindinauze munthu." Ndinadikira kuti apitirize. Anatembenukira kukhoma.

Lachinayi, 15 Tikimt

Prednisolone akweza kufika 20. Kumeza kuli bwino. Andiyeza mphamvu ya mpweya pouzira m'kachubu, akuti ndakhoza.

Fikirte sanabwerebe. Foni yake ikuitana osayankhidwa.

Ndayamba kulemba mawu a kampani katatu, katatu konse ndang'amba.

Lachisanu, 16 Tikimt

Yirga anabwera masana ndi malalanje. Anakhala pampando n'kuyamba kusenda limodzi ndi chala chachikulu, lalanje atalipanikiza pabondo. Ankandiuza za m'bale wake wina amene akufuna kumulemba ntchito yolondera galaja.

Ndinamudula mawu. "Alamu, tsiku lija la Nehase ndinkakuonani awiri."

Sanasiye kusenda.

"Mwandimva? Maso anali atayamba kale. Ndinkagwira ntchito ndi diso limodzi."

"Ndikudziwa."

Ndinafunsa ngati Fikirte wamuuza. Anapukusa mutu.

"Mlongo wanga sanandiuze kanthu, akungolira kukhitchini. Ine ndinadziwa mvula itangoyamba. Pa khofi wa masana munkathira shuga pambali pa kapu. Munkayenda mutapendeketsa mutu ngati nkhuku yaona mphamba. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuyang'ana ngowe yanu, mukuganiza kuti sindingaone kuti yayamba kuphonya?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Kwa ndani? Kwa Dejene? Kuti ana a mlongo wanga adye chiyani? Ndinati palibe kanthu, ine ndikhala maso awo mpaka achire. Tsiku lija mtolo unkapita kumene kunali anthu awiri akumanga zitsulo, atafulatira. Chingwe chinali kutali. Ndinaugwira."

Sindinadziwe za anthu awiriwo. Lipoti silinawatchule. Kumwamba kuja sindinawaone n'komwe, ngakhale mmodzi.

"Ndiye bwanji simunanene pa mlandu?"

"Ndinkadikira inu." Apa mawu ake anakwera. "Zala zinapita, chabwino, nanenso ndinapusa. Koma Dejene atandiwerengera pepala lija, 'ndinaona zonse bwinobwino', dzina lanu lili pansi! Ndinati mwina achita mantha, anena mawa. Sabata zisanu ndi ziwiri, alamu. Ndakhala ndikubwera kuno kudzakudyetsani ngati chitsiru, ndikuyang'ana pakamwa panu."

Ndinati ndilemba zonse. Anaseka, koma osati kuseka kwake kuja.

"Mukalemba zonse, mulembanso kuti ine ndinkadziwa, n'kumalozerabe katundu pamitu pa anthu. Mukuganiza kuti andibwezera ntchito? Atithamangitsa tonse awiri."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Mukundifunsa ine? Ndakuuzani kokhotera zaka zonsezi, lero dziwani nokha."

Anaika lalanje losenda pa kabati n'kutuluka. Nesi anabwera kudzafunsa ngati panali ndewu. Gash Mulatu anamuuza kuti ayi, ndi pachibale.

Loweruka, 17 Tikimt

Maso ali bwino tsiku lonse, koyamba. Dokotala wasangalala. Ine sindikudziwa chimene ndikumva.

Ndinkaganiza kuti ndinalakwira munthu mmodzi, ndikapepesa zitha. Tsopano pali anthu awiri amene sindikuwadziwa maina, amene sakudziwa n'komwe kuti anapulumuka. Kunena zoona kumuthandiza Yirga kapena kumumaliza? Kukhala chete kumandipatsa ntchito ya kosungira zida, iye n'kukalondera galaja ndi dzina loipa.

Ndadya phala lolimba la genfo theka la mbale.

Lamlungu, 18 Tikimt

Ndalemba mawu a kampani, masamba awiri. Ndayambira pa Hamle. Ndalemba za diso limodzi, za mafomu, za anthu awiri aja. Pamene pakufunika kunena ngati panali wina amene ankadziwa ndasiya mpata. Mpatawo si wanga.

Dokotala Meseret akuti mawa ndituluka. Malangizo: mapiritsi osadumphitsa. Kubwera ku kiliniki pakatha sabata ziwiri. Ndikadwala china chilichonse ndiziuza dokotala dzina la matendawa asanandipatse mankhwala, chifukwa ena amawonjezera vuto. Kupuma kukavuta kapena kumeza kukakanika, ndithamangire kuno osadikira. Kireni ayi, galimoto ayi, makwerero ataliatali ayi. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Anati tidzaona, koma nkhope yake inayankha kale.

Lolemba, 19 Tikimt

Fikirte wabwera m'mawa ndi zovala zanga. Sanandipatse moni wautali. Anapinda bulangete, anaika mankhwala m'chikwama, anawerenga kalata ya dokotala mpaka pansi. Kenako anaona masamba awiri aja pa kabati, anawawerenga ataimirira. Pa mpata paja anaima.

"Apa mwasiyira ndani?"

"Mwini wake."

Anawapinda bwinobwino n'kundipatsa.

"Yirga ali pa geti. Wakana kulowa. Akuti kunyumba mupita pambuyo pake, muyambe mwapita naye kuntchito, mukanene pamaso pa Ato Dejene zimene munanena pano. Zakezo akanena yekha."

"Akanena kuti chiyani?"

"Sanandiuze. Mwina nayenso sakudziwa. Valani nsapato."

Ndatsanzikana ndi Gash Mulatu. Wandigwira ndi dzanja lake labwino, akuti ndikadzadutsa ndidzamubweretsere ayezi.

Fikirte wafunsa nesi kuti piritsi limagwira nthawi yaitali bwanji, kenako wanditungira madzi yekha n'kuima mpaka ndameza. Akuti sakufuna kuti mawu akandithere pakati pa nkhani.

Ndili ndi maola anayi. Minibasi yopita kumeneko imatenga limodzi.